Mbalame ya mlomo wautali kudambo la kumunsi kwa Bwanje: tithandizane kuizindikira

Ngozo wa ku Golomoti (Lachiwiri, 6:50 m'mawa)
Mwadzuka bwanji nonse pagulu lino la okonda mbalame. Ndikupempha thandizo. Dzulo chakumadzulo tikuweruka kowokera mpunga tinadzera m'mphepete mwa dambo lili kumunsi kwa sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje, mbali yoloza kunyanja, kumene kumadya ng'ombe. Madzi ake ndi olekeza mu akakolo, udzu ndi waufupi. Mbalame ina inavumbuluka paphazi panga penipeni. Yojintcha, yofiirira, ya mawangamawanga, mlomo wowongoka. Sinalire ayi. Inauluka chapansipansi, mosakhota, n'kukagwera m'udzu patsogolo pang'ono. Chimene chandigoneka mochedwa ndi mchira wake: mbali zonse ziwiri kunali mbee! Chithunzi ndilibe, foni inali m'pepala lapulasitiki chifukwa cha mvula.

Tiyamike (7:04)
Achimwene, si African Snipe imeneyo? Ija imapezeka m'madambo chaka chonse.

Mayi Nabanda, Dedza boma (7:21)
Tadzuka a Ngozo. Tisanaipatse dzina, ndiyankheni zitatu izi. Mlomo unali wautali bwanji poyerekeza ndi mutu? Pouluka miyendo inali lende kapena inaipinda? Nanga pamimba munaonapo?

Ngozo wa ku Golomoti (7:33)
Mayi, mlomo unali wautali koma osafika pa wa African Snipe. Imene ija ndimaidziwa, ikadzidzimuka imalira mokalipa n'kuuluka chokhotakhota mpaka kutali, mlomo wake umachita kuoneka kuti waikulira. Ya dzuloyi inanyamuka molemera, mapiko akumveka phuphuphu. Miyendo sinali lende. Pamimba sindinaonepo bwino, kunali kutayamba kuda.

Gogo Chisale, Ntcheu (8:10)
Mdzukulu wanga, wafotokoza bwino kwambiri. Miyendo ikanakhala lende tikanati ndi Greater Painted-snipe, ija yaikazi imakongola kuposa yaimuna ndipo mazira amafungatira ndi tambala. Koma kunyamuka mwakachetechete, kuuluka molunjika, kukagwa pafupi, ndi mchira woyera m'mbali, zonsezi zikuloza ku Great Snipe. Nyengo yakenso ndi yomweyi. Kuno kwathu imafika mvula ikakhazikika, ndipo pofika Malichi kapena Epulo imakhala ikunyamuka. Ine ndinaionapo kalekale ndikugwira ntchito ya zankhalango, ndipo mpaka lero mtima umagunda ndikaimva. Komabe tisalembe kuti ndi iyo mpaka wina aone pamimba. Great Snipe imakhala ndi mizeremizere yakuda kuyambira m'nthiti kutsikira pafupifupi mimba yonse, pamene African Snipe pakati pa mimba pamayera. Pamapiko pa Great Snipe pamakhalanso timizere toyera toonekera bwino.

Mbewe Lens, Lilongwe (8:16)
Eee!! Great Snipe ku Dedza? A Ngozo tumizani malo ake pa mapu pompano. Ndili ndi anzanga, tidzaza galimoto Loweruka. Tikatambasula chingwe n'kuyenda mondondozana dambo lonse, ivumbuluka basi, kamera zili tcheru.

Tiyamike (8:25)
Agogo ndikufuna kumvetsa. Chikuchititsa kuti ikhale yosowa n'chiyani? Mbalame zochokera ku Ulaya zilipo zambiri, Wood Sandpiper timaiona pachithaphwi chilichonse.

Gogo Chisale, Ntcheu (9:02)
Funso labwino mwana wanga. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, chiwerengero chake chikutsika. Bungwe la IUCN, loona za kusamalira zachilengedwe padziko lonse, linaiika m'gulu la mbalame zomwe zayandikira kukhala pachiopsezo. Kale inkaswana mpaka ku Germany ndi ku Denmark, koma kumeneko inatha madambo ataumitsidwa n'kusanduka minda. Lero imaswana kumapiri a ku Norway ndi Sweden, ku Poland, ku Belarus, maiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndi ku Russia. Chachiwiri, ndi mbalame yobisala. Usana imangoti phee m'udzu, imadya kukamada ndi usiku, kuzika mlomo m'matope kufuna nyongolotsi. Ukhoza kuidutsa pa mapazi awiri osadziwa. Choncho ngakhale kumene ilipo, oiona ndi ochepa.

Tsono imvani za ulendo wake, chifukwa ndi umene ukundichititsa kuti ndiwayankhe a Mbewe. Akatswiri a ku Sweden anamangirira timakina ting'onoting'ono pa mbalame zimenezi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Anapeza kuti zinauluka kuchoka ku Sweden mpaka kumwera kwa chipululu cha Sahara osatera paliponse, mtunda wa makilomita pakati pa 4,300 ndi 6,800, m'masiku awiri mpaka anayi okha. Osadya, osamwa. Kafukufuku wina wa pambuyo pake anaonetsa kuti usana zimakwera m'mwamba kwambiri, ina inapitirira mamita 8,000. Phiri la Dedza lija timaliona ngati lalitali silifika n'komwe mamita 2,200. Mphamvu ya ulendo wotere imachokera m'mafuta amene mbalameyo imasunga m'thupi isananyamuke. Mafuta obwererera kwawo ikuwasonkhanitsa panopa, m'dambo la a Ngozo lomwelo.

A Mbewe, chingwe chanucho ayi. Mukaivumbulutsa kakhumi tsiku limodzi kuti aliyense apeze chithunzi, mwaidyera chakudya cha panjira.

Mbewe Lens, Lilongwe (9:15)
Madala ndakumvani, koma tinene zoona. Popanda chithunzi palibe adzakhulupirire. Tidzangoti "a Ngozo anaona", basi zathera pomwepo. Chithunzi chabwino ndicho chimachititsa kuti anthu ayambe kulabadira dambo. Ndipo mbalame yobisala chonchi, ukapanda kuivumbulutsa uiona bwanji?

Nasibeko wa ku Kasinje (9:40)
Inu mukukamba za mbalame, ine ndikambeko za anthu. Uno ndi mwezi wowokera. Munthu wagula mbewu, walipira aganyu, mbande zangolowa kumene m'matope. Ndiye aone galimoto yaima, anthu asanu ndi mmodzi atsika ndi majombo, akuponda timizere tapakati pa maploti mpaka madzi kuthawa. Mukuganiza kuti mawa lake a Ngozo adzawayang'ana bwanji anansi awo? Inu mubwerera ku Lilongwe, iwo atsala konko. Dambo lili ndi eni ake. Kukafika kumayamba n'kwa amfumu.

Chinanso, poti ndimagwira ntchito ya zaumoyo: madzi odikha a kuchigwa kuno ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Wobwera avale majombo aatali, asalowe chosavala. Ndipo mukamayandikira kunyanja kapena mumtsinje, ng'ona ziliko.

Mayi Nabanda, Dedza boma (10:05)
Anasibeko mwanena zomwe ndimafuna kunena. Monga woyang'anira gulu ndikupempha kuti malo enieni asaikidwe pano. Gulu lino lili ndi anthu ambiri, ndipo uthenga ukatuluka sitingaubweze. A Mbewe, nkhawa yanu ya umboni ndi yomveka, sindikuitaya. Koma pali njira ina. Mbalameyi imatuluka yokha dzuwa likamalowa kukadya pamatope poyera. Munthu akakhala pansi mwakachetechete pamalo abwino, aiona ikuyenda, ndipo chithunzi chake chimaposa cha mbalame yothawa. Zimangofuna kudekha.

A Ngozo, tayambani mwafunsa akuluakulu kumudziko. Amene amakhala m'dambo tsiku ndi tsiku amadziwa zambiri kuposa ife a mabuku.

Ngozo wa ku Golomoti (Lachitatu, 8:12 usiku)
Pepani ndachedwa, netiweki inavuta. Ndinawafotokozera bambo anga. Sanadabwe n'komwe. Akuti mbalame imeneyo amaidziwa kuyambira ali anyamata oweta ng'ombe, imabwera madzi akadzaza m'dambo ndipo chimanga chikamauma siionekanso. Anasiyanitsa okha ndi inzake ija, akuti "ija yolira ndi ya konkuno, nyengo yozizira imachita phokoso m'mwamba usiku, koma yoduu ija ndi mlendo." Ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji kuti ndi mlendo, akuti chifukwa palibe anaonapo chisa chake kapena anapiye ake. Nditawauza kuti imachokera ku Ulaya anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati kale zinkavumbuluka zingapo munthu ukamadutsa ndi ng'ombe, masiku ano mwa apo ndi apo.

Palinso mnyamata wina amene amadyetsa ng'ombe za amalume ake kumeneko. Akuti akudziwa pamene imakonda, pali kachulu ndi matope opondedwa ndi ziboda. Akuti zilipo ziwiri.

Gogo Chisale, Ntcheu (8:40 usiku)
Ukawapatse moni bambo akowo, uwauze kuti mkulu mnzawo wa ku Ntcheu wawavulira chipewa. Zonse anenazo n'zoona. Phokoso la m'mwamba lija African Snipe imalichita ndi nthenga za kumchira ikamatsika mwaliwiro nthawi yoswana. Great Snipe ilibe mwambo umenewo. Kwawo atambala amasonkhana pabwalo limodzi usiku, kutukumula zifuwa, kutambasula michira yoyera ija, akazi n'kumasankha. Ngati gule wa pabwalo ndithu. Koma zimenezo zimachitikira kumpoto kokha, kuno imabwera kudzadya basi, n'chifukwa chake bambo ako sanaonepo chisa.

Mawu awo akuti kale zinali zingapo andikhudza. Zimenezo sizinalembedwe paliponse, zili m'mitu ya anthu okalamba ngati ife. Mdzukulu wanga, uzilembe.

Kondwani K. (9:02 usiku)
Ine nkhawa yanga ndi mnyamatayo. Anyamata oweta ng'ombe sasiyana ndi legeni. Akaona kuti anthu a m'tauni akuifuna, sadzaigwira kuti atigulitse?

Ngozo wa ku Golomoti (9:20 usiku)
Achimwene a Kondwani, legeni ali nayo, sindikana. Ndiwo zimavuta, ndipo mwana wa kumudzi akapha mbalame sikuti ndi woipa mtima. Koma ndakhala naye pansi. Ndamuuza kuti tikufuna yamoyo, ili m'udzu mwake, ndipo ikafa palibe abwere. Wamvetsa. Funso lake linali lakuti, "ndiye ikapita ku Ulayako idzabweranso pompano?" Ndinamuuza kuti tidzadikira limodzi chaka chamawa.

Nasibeko wa ku Kasinje (9:31 usiku)
Mukamupatsa kangachepe mupereke pamaso pa amalume ake, ndipo zimveke kuti ndi za kulondolera njira. Zisamveke ngati mtengo wa mbalame.

Mayi Nabanda, Dedza boma (Lachinayi, 6:15 m'mawa)
Tapangana chonchi. Loweruka tipita anthu anayi okha: ine, a Mbewe ndi kamera yawo, Tiyamike, ndi a Ngozo. Ena musakhumudwe, ikatsimikizika tidzapita mosinthana. Ine nditsika ndi msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa, tikakumane pa Golomoti 1 koloko. A Mbewe, galimoto yanu yaing'ono ija mukaisiye pamsika, mukachoka pamsewu wa M5 matope ake ndi a kabaza wa njinga yamoto. A Ngozo akatiperekeza kwa amfumu kaye. Zovala zikhale zosawala. Chingwe ayi, sipika yoitanira mbalame ayi.

Mbewe Lens, Lilongwe (6:44)
Chabwino mayi, ndamva. Anzanga ndawauza adikire. Koma dzuwa likalowa tisanaione, mundilole tiyende kamodzi kokha.

Mayi Nabanda, Dedza boma (6:50)
Tikakambirana konko.

Tiyamike (Loweruka, 8:55 usiku)
TAIONA!!! Agogo Chisale, taiona! Manja akunjenjemerabe.

Kondwani K. (8:57 usiku)
Fotokozani bwino achemwali, tonse tili maso!

Tiyamike (9:30 usiku)
Amfumu anatilandira bwino, anangoti tisaponde mbande ndipo anatipatsa munthu wotiperekeza. Njira yonse tinayenda m'mbali mwa ngalande. Mbalame zinali mbwee: akakowa pambuyo pa ng'ombe, achiswankhono ataima m'madzi, nantchengwa, atsekwe akudutsa cha kunyanja, nkhwazi ikulira kutali. Mnyamata uja anatikhazika pakachulu, dzuwa lili kumsana kwathu, n'kutilozera pamatope ena pafupi ndi udzu. Anati tisayang'ane pamadzi, tiyang'ane pamene udzu ukuthera.

Tinakhala kuyambira cha m'ma 4. Udzudzu unatidya osasewera. Itakwana 6 koloko a Mbewe anayamba kunong'oneza mayi Nabanda za kuyenda kuja, kuwala kukutha. Mnyamatayo anangokweza dzanja kuti dikirani. Sipanapite nthawi, udzu unagwedera, inatuluka. Imayenda pang'onopang'ono, kuzika mlomo mpaka m'tsinde, kuutulutsa, kuzikanso. Itatembenuka ndinaona pamimba ndi bainokula ya mayi: mizeremizere mpaka pansi, monga munanenera agogo. Timizere toyera pamapiko tikuoneka bwinobwino. Kenako ng'ombe ina inayandikira, mbalameyo inadumpha pang'ono n'kutambasula mchira. Kuyera kwake!

Mbewe Lens, Lilongwe (9:48 usiku)
Ndangofika pa Salima, ndigona kuno. Zithunzi ndaika pagulu pano, zilipo za pamimba ndi kavidiyo ka mchira. Kuwala kunali kochepa koma zizindikiro zonse zikuoneka. Yachiwiri sitinaione bwino, china chake chinayenda m'udzu kumanzere koma sindingalumbire. Mnyamata uja ali ndi maso, anaiona ine ndisanaipeze mu lenzi.

Gogo Chisale, Ntcheu (Lamulungu, 5:40 m'mawa)
Ndaziona zithunzi. Ndi Great Snipe, palibe chokayikitsa. Ndayang'ana kavidiyoko mobwerezabwereza mpaka akazi anga andifunsa kuti kwagwanji. Zikomo ana anga. Sindinkayembekeza kuti ndidzaionanso, ngakhale pafoni.

Kondwani K. (7:10)
Zabwino zonse! Tsono tiika pa eBird, tsamba lija la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona? Komanso a WESM, bungwe losamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe m'Malawi muno, tiwadziwitse.

Mayi Nabanda, Dedza boma (7:45)
Tiika, chifukwa zoona ngati izi zikangokhala pa WhatsApp zimatayika. Koma chizindikiro cha pamapu ndichiika pa Golomoti, osati pakachulu paja, ndipo ndilemba kuti anaipeza ndi anthu a m'mudzimo. A WESM ndiwatumizira uthenga ndekha.

Pali china chimene ndinaona dzulo chomwe chandivutitsa. Mbali ya kumtunda kwa dambolo anthu ayamba kutsegula maploti atsopano a mpunga, ena akumba timingalande tochotsa madzi. Zikapitirira, udzu waufupi uja utha. Mbalameyi sikhala m'mpunga wautali kapena m'madzi akuya, imafuna malo onyowa amatope ofewa. Ku Chilwa ndi ku Elephant Marsh kuli dzina la Ramsar, loperekedwa kwa madambo ofunika padziko lonse, anthu akunja amakudziwa. Madambo ang'onoang'ono ngati ili alibe womayankhulira, chonsecho ndi amene mbalame zapaulendo zimadalira.

Ngozo wa ku Golomoti (8:30)
Mayi, apa ndiyankhule ngati mlimi, musandimve molakwa. Sikimu ya Bwanje ndi ya mahekitala pafupifupi 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, madzi ake ndi a mumtsinje wa Namikokwe. Anthu amene analandira maploti nthawi imeneyo ana awo akula, akwatira, ali ndi ana. Malo sanakule. Amene mwawaona akutsegula kumtunda aja ndi anzanga, ena ndinaphunzira nawo. Mu 2024 nyanja itakwera, ena minda yawo ya kumunsi inamira, ndiye anasunthira kumene kunali kotheka. Munthu ameneyo ukamuuza kuti usalime pano chifukwa pali mbalame ya ku Russia, akuyang'ana n'kukufunsa kuti ana ake adya chiyani. Ine mbalameyi ndaikonda, ndine ndinayambitsa nkhaniyi. Koma sindingapite kwa amfumu ndi mawu oletsa.

Nasibeko wa ku Kasinje (8:52)
A Ngozo akunena zoona. Ndipo tikalowa ndi mawu oletsa, mbalameyo isanduka mdani. Ya legeni ija ndiye idzachitikadi.

Gogo Chisale, Ntcheu (9:35)
Palibe akuti tiletse, mdzukulu wanga, ndipo mayi Nabanda sananene choncho. Koma taonani chimene chasunga malo amenewo mpaka lero: ng'ombe. Ndizo zimadya udzu kuti ukhale waufupi, ziboda zake zimafewetsa matope, ndowe zake zimachulukitsa nyongolotsi. Eni ng'ombe nawonso safuna kuti dambo lonse likhale mpunga, chifukwa ziweto zawo zisowa kodya ndipo milandu ya ng'ombe zolowa m'minda ichuluka. Ndiye amene akufuna zomwe mbalameyi ikufuna alipo kale m'mudzimo. Nkhani ya malo odyetsera ziweto amfumu amaimva msanga, ndi nkhani yawo yakale. Ife tisapite ngati aphunzitsi. Tikafunse kuti busa la m'mudzimo malire ake ndi ati, ndipo akufuna lisungidwe bwanji.

Mbewe Lens, Lilongwe (9:50)
Ine nditsukitsa zithunzi ziwiri zazikulu, china cha amfumu china cha kusukulu ya pafupi, ngati aphunzitsi angalole. Ana aione mbalame ya kwawo. Ndiikanso mapu oonetsa kumene imachokera.

Tiyamike (10:04)
Ine ndikufuna kubwereranso ndi kope, ndikakhale ndi bambo a a Ngozo ndi akuluakulu ena andiuze zomwe akukumbukira: miyezi yomwe inkafika, mbali ziti za dambo, zinkachuluka bwanji. A Ngozo, angalole?

Ngozo wa ku Golomoti (10:30)
Alola achemwali, amakonda kucheza. Koma mubwere Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi, masiku ena onse ali kumunda mpaka kuwokera kuthe. Za busa zija agogo, amalume a mnyamata uja ali ndi ng'ombe zambiri ndipo amakhala nawo pabwalo la amfumu. Ndiyamba ndi iwowo.

Mayi Nabanda, Dedza boma (10:48)
Zikomo a Ngozo. Ofuna kukaiona lembani maina kwa ine kumbali, osati pagulu. Anthu atatu pa ulendo, kamodzi pa sabata, Loweruka madzulo, ndipo a Ngozo akati sabata ino ayi ndiye kuti ayi. Aliyense atenge majombo, mankhwala othamangitsa udzudzu, tochi ya pobwerera, ndi ya kabaza. Agogo Chisale, inu ndinu oyamba pamndandanda. A Kondwani akuti akutengani pa Ntcheu, mudzera ku Kasinje.

Gogo Chisale, Ntcheu (11:02)
Mawondo ndi ovuta koma pakachulu ndikafika. A Kondwani, tinyamuke 11 koloko, msewu wa Kasinje nyengo ino sufuna kuthamanga.